Kalata ya Mjigo

Ndinaganiza zochoka tsiku limene njovu zinamaliza munda wanga wa mapira kachitatu. Ndinaima pakati pa mapesi othyokathyoka, ndowe zikufukabe nthunzi, asikauti awiri a gemu, olondera nyama zakutchire, akulemba m'kabuku kawo. Analemba dzina langa, anayeza mapazi a njovu ndi kamtengo, n'kundiuza kuti lipoti lipita kwa akuluakulu. Mfuti ya bambo anga anali atalanda kalekale. Apo m'pamene ndinaona kuti m'chigwa chathu amadya ndi wogwira cholembera, wogwira khasu amangolimira nyama. Ndinauza mkazi wanga, amake Tisa, kuti ndikupita ku migodi zaka ziwiri zokha. Sanatsutse. Anandikazingira mtedza, ine n'kukwera lole pa Jumbe.

Zaka ziwirizo zinasanduka makumi awiri ndi ziwiri.

Mgodi sunandilembe, akuti chifuwa changa n'chopapatiza. Ntchito ndinaipeza pa khonsolo ya katauni kena komweko, yaumesenjala, kunyamula mafayilo kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo. Anthu amati khonsolo ndi ya ulesi. Ayi, amenewo saidziwa. Khonsolo imagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma ntchito yake ndi yoonetsetsa kuti chinthu chisachitike popanda chidindo. Galu anafera pamsewu wa kumsika, mayi wina n'kulemba kalata yodandaula za fungo. Kalatayo ndinainyamula ndine. A zaumoyo anati galu wakufa pamsewu ndi nkhani ya a misewu. A misewu anati msewu ulibe vuto, vuto ndi galu. Inakafika ku komiti, makhansala n'kupezeka kuti sanakwane, koma tiyi ndi mabanzi anamaliza. Pamene ankagwirizana zotumiza ngolo, galu uja anali atauma, akhwangwala atatenga gawo lawo. Pafayilo analembapo kuti ntchito yatheka. Mwezi womwewo anakhala katatu kukangana za mtundu wa makatani a mu ofesi ya meya.

Ndinkawaseka anthu amenewo, komabe matenda awo anandilowa osadziwa. Yunifolomu ya khaki ndinkaisita mpaka kuthwa m'mizere. Kalaliki akakhala kuti watopa ndi kukhala, ankandipatsa makina a taipi kuti ndiyankhe madandaulo, ndipo yankho linali limodzi: kalata yanu tailandira, nkhaniyi ikuunikidwa. Ndinafika poilemba osayang'ana.

Kusungulumwa kokha n'kumene sindinakuzolowere. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa bala, anzanga onse olankhula Chibemba, ndipo Lamulungu likafika ndinkalankhula Chikunda chakwathu ndekha pochapa, kuti lilime lisaiwale. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, pamenepo palibe angandinene. Amake Tisa ankatumiza makalata ndi kondakitala wa basi, nthawi zina ndi kathumba ka masau ouma. Kalata iliyonse inkathera pa funso limodzi lakuti mubwera liti. Ine ndinkayankha kuti nkhaniyo ndikuiganizira. Denga litadontha, ndikuiganizira. Tisa atafuna kukwatiwa, ndikuiganizira. Patapita zaka funso lija linasiya kubwera, ndipo ine, chitsiru, ndinapuma kuti mkazi wamvetsa.

Nditapuma pantchito ndinabwerera ndi sutikesi, wailesi ndi mutu wodzaza malamulo. Ndinapeza magalimoto a alendo akudutsa kupita ku Mfuwe kukaona njovu zomwe zija zinandithamangitsa. Denga linali lofoleredwa, Tisa ali ndi ana atatu. Kwathu nako kunali kutabwera khonsolo yakeyake pa boma, ndipo inali itakumba mjigo pakati pa mudzi, nambala yake yolembedwa ndi penti yoyera pa simenti.

Mjigowo unafa dzuwa litayamba kuswa mtengo. Ukapopa unkangolira, madzi osatuluka. Anthu anasonkhana pomwepo, ndipo a Sakala, msikauti wopuma amene tsopano amakonza njinga, anati vutolo akulidziwa.

“Ndi kachikopa ka pansi katha,” iwo anatero. “Tizule mapaipi, ndidule kena pa jombo yanga yakale. Ikamakwana fotini awazi masana ano mukumwa madzi.”

Apo ndinaimirira ine, munthu wa zaka makumi awiri ndi ziwiri m'khonsolo.

“A Sakala, nambala iyo mwaiona? Ameneyu ndi katundu wa boma. Mukamasula bawuti imodzi, adzati mwaononga nokha, ndipo sadzabweranso kuno. Zinthu izi zili ndi njira yake. Ndisiyireni ine, ndilemba kalata.”

Anthu anayang'anana. Wina anati paja akuluwa achokera komweko. A Sakala anabweza sipanala m'thumba. Amake Tisa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa, “Atate ake Tisa, nanga podikira kalatayo timwa chiyani?”

“Kuona maso a nkhono n'kudekha,” ndinayankha, ndipo ndinadzimva kuti ndalankhula zanzeru.

Kalatayo ndinailemba bwino, ndisaname, makope atatu. Ndinapalasa njinga mpaka pa boma. Kalaliki wake anali mayi waulemu kwambiri.

“Mwaswera bwanji, atate? Kalata yabwino iyi. Mubwere Mande, teni awazi.”

Lolemba ndinapita, akuti wosunga chidindo wapita ku maliro ndi kiyi. Sabata inayo, akuluakulu ali ku wekishopu ku Chipata. Tsiku la msonkhano wa makhansala ndinakhala pa benchi la anthu wamba, chipewa pa bondo. Anakambirana za chiphaso cha ogulitsa makala. Anakambirana za mbuzi zolowa m'bwalo la ofesi. Anatha ola lathunthu pa nkhani yoti ndani akhale kutsogolo m'galimoto ya khonsolo popita kukayendera misika. Mjigo wathu anautchula thukuta lili kamukamu, aliyense akuyang'ana kukhomo kumene kunali mabotolo a zakumwa, ndipo anaupereka ku komiti ya madzi. Chondinyansa kwambiri ndikakumbuka n'chakuti ine ndinagwedeza mutu, n'kukauza anthu kumudzi kuti nkhani ikuyenda bwino.

Masabata onsewo amayi ankapita kukatunga ku mtsinje wa Lupande. Nyengo imeneyo mtsinje umakhala mchenga wokhawokha, ndiye amafukula maenje mpaka madzi atatuluka. Njovu nazo zimadziwa maenjewo, ndipo siziona chifukwa chokumbira awo pamene anthu akumba kale. Aliyense m'mudzi ankadziwa zimenezi. Inenso ndinkadziwa, koma madzi ndinkangowapeza m'ndowa.

M'mawa wina amake Tisa anawerama m'dzenje ndi chikho, osaona kuti njovu yokhala ndi mwana yatulukira m'mabango. Anzawo anakuwa. Iwo anathawa, mayi wa zidzukulu, n'kukagwa pa gombe, mwendo n'kuthyoka m'chiuno. Njovuyo sinawalondole. Inaponda ndowa, n'kumwa madzi awo. Tinawatengera kuchipatala pa ngolo ya ng'ombe, ndipo njira yonse sanalire, sanandiyang'anenso.

Nditabwerako ndinamva mjigo ukulira kulira kwina. A Sakala ndi amayi asanu anali atazula mapaipi tsiku lomwelo. Jombo inali pambali, yobooka pa lilime, madzi akusefukira m'zidebe. Palibe anandifunsa chilolezo. Palibenso ananditukwana, ndipo ndikanakonda akananditukwana. A Sakala anangoti, “Muli bwanji, a khonsolo?” n'kupitiriza kumanga bawuti.

Yankho linafika mvula itagwa kale. Anthu awiri anabwera pa galimoto, wakutsogolo osatsika n'komwe. Wakumbuyo anapopa kawiri, anapakanso penti pa nambala ija, n'kundipatsa envulopu. Khonsolo inali yokondwa kundidziwitsa kuti itaunika dandaulo langa yapeza mjigo ukugwira ntchito, choncho nkhaniyo yatsekedwa. Galu wa kumsika uja anali atanditsatira mpaka kwathu.

Ndinawawerengera amake Tisa ali pakhonde, ndodo yawo ili pambali, chifukwa mpaka lero sayenda popanda iyo. Ndinkayembekeza kuti tinyoze limodzi anthu opanda pakewo. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandituma kukatenga chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Mkati munali makalata anga onse a ku migodi, omangidwa ndi luzi.

“Iikeni momwemo,” anatero. “Ndi ya mtundu umodzi.”

Ndinatsegula imodzi, ndinatsegula ina. Ndikuiganizira, ndikuiganizira. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Mudzi uno unaphunzira kalekale kusadikira khonsolo, ndipo nyumba yanga inaphunzira kusadikira ine. Kamodzi kokha kamene anandimvera, mkazi wanga anapunduka mwendo.

Ndinatseka chitini. Amake Tisa analoza ndowa yatsopano ndi ndodo yawo.

“Madzi atha, atate ake Tisa. Kapena nkhaniyi muyambe mwaiganizira?”

Ndinanyamula ndowa. Pa mzere wa pamjigo mwamuna ndimakhala ndekha, ndipo amayi anasiya kundipatsa malo akutsogolo.