Mapiko a chidole anagwa tili mkati mopemphera

Zimene ndikufuna kukuuzanizi ndi zoona, sindikuwonjezera kanthu, ndipo mwana wanga wamkazi ali ndi chipsera pamimba chimene chingandichitire umboni. Papita zaka zinayi ndikuzisunga mumtima. Mwamuna wanga sazidziwa, abusa athu sazidziwa, ngakhale mkulu wanga amene ndimamuuza chilichonse sazidziwa. Mundikhululukire kuti sinditchula dzina la munthu, pajatu ife kuno ku London tilipo ochepa, ukangotchula mmodzi basi mpingo wonse wakudziwa.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Romford, m'kafulati ka pamwamba pa shopu. Bambo a mwana wangayu ndi munthu wabwino, samwa, sayendayenda, koma anali ndi matenda amodzi, zidole. Osati zidole za ana ayi, koma zija za anthu a m'makatuni ndi m'magemu a ku Japan, zapulasitiki, zotalika ngati botolo la zakumwa. Zina zinali atsikana a maso akuluakulu ndi tsitsi lobiriwira, zina asilikali onyamula malupanga otalika kuposa iwo eni, zina zanyanga. Ankazisunga m'kabati yagalasi yokhala ndi timagetsi mkati, yokiya, ndipo Lamlungu tikabwera kutchalitchi ankakhala pansi n'kumazipukuta fumbi ndi kaburashi kofewa, chimodzichimodzi, ngati akusambitsa khanda. Anandiuza kangapo kuti mwana asazigwire, akuti ngakhale pamakatoni ake analembapo kuti si za ana. Ine ndinkaseka, ndimvekere chidole chosayenera ana munachimva kuti? Ndinkangoti ndi umbombo wa amuna pa zinthu zawo.

Mwana ali ndi zaka ziwiri, apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Chipata kudzandithandiza, chifukwa ndinali nditayambanso koleji. Ndikuuzeni pomwe pano, ngakhale zikundichititsa manyazi, kuti satifiketi yanga ndi ya kasamalidwe ka ana ndi okalamba. Tsiku lomwe anafika anaima kutsogolo kwa kabati ija chikwama chili m'manja, n'kufunsa mwana wawo ngati zimenezi ndi zogulitsa. Iye anaseka, akuti amama izi n'zokongoletsa m'nyumba chabe. Apongozi anati iwo akula, koma chinthu chokhala ndi nkhope ya munthu ndi nyanga sanamvepo kuti chimakongoletsa nyumba. Kuyambira pamenepo, iye akangopita kuntchito ankafunditsa kabatiyo chitenje, n'kuchichotsa akatsala pang'ono kubwera, ndipo ine anandilangiza kuti amake mwana, mdzukulu wangayu musamufikitse pafupi ndi zinthu izi. Ndiye mwaona, anthu awiri anandiletsa, aliyense ndi chifukwa chake.

Lachiwiri lina masana ndinali ndi ntchito ya kukoleji yofunika kutumiza isanakwane folo koloko. Apongozi anali atagona kuchipinda, miyendo ikuwawawa ndi kuzizira. Mwana analira, analira, akukoka chitenje chija n'kumaloza chidole china cha mtsikana wa mapiko akuda chimene ankachikonda. Inu amene munalerako mwana wa zaka ziwiri m'nyumba yopanda bwalo mukudziwa mmene mutu umazungulirira. Kiyi ankakhala pamwamba pa chitseko. Ndinatsegula, ndinamupatsa, ndinati mphindi khumi zokha palibe amene angafe nazo. Nditamaliza kulemba ndinapeza wazula mapiko onse awiri, limodzi ali nalo kukamwa. Ndinayesa kuwabwezera koma ankangogwa. Kumsana kwa chidolecho ndi kumizu kwa mapiko kunali timabowo ting'onoting'ono topanda kanthu, ndinationa ndithu, koma maganizo anga onse anali pa mkwiyo wa bambo ake. Patebulo panali paketi ya chingamu ya apongozi, iwo ankakonda kutafuna. Ndinatafuna kamodzi, ndinamata mapiko aja, ndinakiya, n'kubwezera chitenje.

Lachitatu mwana anakana kudya, ndinati ndi mano. Lachinayi anadzuka akusanza, atapinda miyendo, ukamukhudza pamimba akukuwa. Bambo ake anali atalawirira ku Wembley kumene amagwira ntchito yaulonda pa zochitika za m'bwalo lamasewero, ndipo pa shifiti mafoni amawasiya m'timakabati tokiya. Ndinati ndiimbire achipatala. Apongozi anati ndidikire, iwo analota zoipa ndipo aimbira kale amayi a mapemphero a kutchalitchi kwathu ku Lewisham, ali m'njira. Mwina mukufunsa kuti iwe wophunzira unavomera bwanji? Kwathu mpongozi sayankha apongozi ake, ndinaleredwa choncho. Koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa kuti mwana anagwira chidole, chomwe chija cha mapiko akuda, ndipo patangopita tsiku n'kudwala. Mumtima ndinayamba kukhulupirira kuti apongozi ankanena zoona, kuti ndalowetsa ndekha chinthu choipa mwa mwana wanga.

Anafika amayi atatu cha m'ma teni koloko, atavala maduku oyera, ali ndi kabotolo ka mafuta. Wamkulu wawo anavundukula kabati, n'kulamula kuti ndiyatse timagetsi tija kuti adani awaone bwino kumaso. Anamudzoza mwana pamphumi ndi pamimba, anamugoneka pampando, n'kuyamba kupemphera atayang'ana galasi. Anapemphera ola loyamba, lachiwiri, mawu mpaka kusasa. Mwana anasanza zobiriwira ngati madzi a chisoso, mayi wamkulu uja n'kunena kuti musaope amake mwana, ndi zoipazo zikutuluka. Ine kukoleji anatiphunzitsa kuti mwana akasanza zobiriwira uthamange naye, ndinkazikumbukira bwinobwino, koma ndinangogwada pamenepo ndikuyankha ameni.

Cha m'ma wani koloko, m'kabati yokiya, palibe amene waikhudza, phiko limodzi la chidole chija linagwa n'kugunda galasi. Tikuyang'ana choncho, linanso linapendekeka pang'onopang'ono n'kugwa. Tsitsi linandiima, sindinama, ndipo mmodzi wa amayi aja anathawira kukhitchini. Kenako wamkulu uja anayamba nthungululu, akuti mwaona, chathyoka mapiko, sichiulukanso m'nyumba muno. Apongozi anagwa chafufumimba akulira ndi kuthokoza. Ine mantha atangotsika ndinazindikira chimene chachitika, kuti timagetsi tija tatenthetsa m'kabati kwa maola atatu, chingamu chafewa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Ndinayang'ana apongozi ali pansi, ndinayang'ana alendo, ndinaganiza za bambo ake, ndinatseka pakamwa. Ndinapita kukawaphikira tiyi. Mwana anali atasiya kulira, iwo n'kumati wachira wagona, koma ine pomunyamula ndinamva kuti walefuka ngati nsalu yonyowa, maso alowa mkati, mimba yauma gwa.

Bambo ake anafika cha m'ma folo koloko, amayi aja akuvala majekete. Apongozi anamulandira ndi chimwemwe, kumufotokozera zonse, za chitenje, za maloto, za mapiko. Iye poyamba anakwiyira zidole zake, anatenga kiyi n'kutsegula, anatola phiko limodzi, anachotsa chingamu ndi chikhadabo, n'kuyang'ana m'kabowo kaja. Anafunsa motsitsa mawu kuti maginito ali kuti. Palibe amene anamva chimene akunena. Anati mapikowa amagwira ndi timaginito tinayi, tating'ono ngati njere za mapira koma tamphamvu kwambiri. Anagwada n'kuyamba kupapasa pakapeti, anapeza kamodzi katamatirira kumwendo wachitsulo wa mpando. Anafunafuna tinato osatipeza. Kenako anatembenuka kuyang'ana mwana ali pampando paja, ndipo nkhope imene ndinaiona tsiku limenelo sindikufuna kudzaionanso. Anamunyamula n'kutsika masitepe opanda nsapato, ine ndikuthamanga pambuyo, ndipo mwini shopu ya pansi ndi amene anatitengera kuchipatala pa galimoto yake.

Pa chithunzi cha ekisireyi tinaona timadontho titatu toyera titandandalikana. Dokotala anatifotokozera kuti timaginitoto tinali m'malo osiyana m'matumbo, tinakokana n'kupana matumbowo pakati mpaka kuboola, ndipo zoipa zayamba kutayikira m'mimba. Anafunsa kuti anameza liti. Ndinati sindikudziwa. Anafunsanso, akuti mayi yesetsani kukumbukira, zitithandiza kudziwa chimene tikachipeze mkatimo. Ndinati sindikudziwa, mwana wanga ali pa bedi lamatayala akumulowetsa ku opareshoni. Anamudula kachigawo ka matumbo. Anakhala m'chipatala milungu itatu ali ndi mapaipi m'mphuno, ndipo dokotala yemweyo anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono tikanabwerera ndi zovala zokha.

Tsiku lachiwiri tili kuchipatalako kunabwera mayi wina wa boma woona za chitetezo cha ana, ali ndi fayilo. Inu okhala kuno mukudziwa chimene timaopa tonse, kuti angakulande mwana. Anafunsa kuti anatsegula kabati ndani, nanga chifukwa chiyani mwana anakhala tsiku lonse akusanza osabwera naye. Ndisanayankhe, bambo ake anati ndi amayi ake, ndi okalamba, angobwera kudzacheza, ankafunditsa kabatiyo iye kulibe ndipo chingamu chimene anamatira ndi chawo. Anati akubwerera kwawo posachedwa. Mayi uja anatembenukira kwa ine, anafunsa ngati zinalidi choncho. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Analemba.

Kunyumba mwamuna wanga anawalankhula amayi ake mawu amene sindingawabwereze pano. Apongozi poyamba anakana, anati kiyi sadziwa n'komwe kumene amakhala. Iye anati amama musandinamize, munatsala pang'ono kundiphera mwana ndiye mukunamanso. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso ali pansi, kenako anati chabwino bambo, ndine, mundikhululukire. Sabata yomweyo anawasinthira tikiti, ndipo zidole zonse anazilongedza m'makatoni ake n'kukazipereka kwa mnzake.

Tsiku lonyamuka ndikuwapindira zovala, apongozi anatseka chitseko n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Anati Lachiwiri lija anadzuka kupita kuchimbudzi ndipo anandiona ndili pa kabati ndikumata mapiko, koma sanadziwe kuti mwana anagwirako. Ndinagwada, ndinati amayi ndikamuuza lero lomwe. Anandigwira dzanja, anati ayi amake mwana, nanenso ndili ndi mlandu wanga, ndinaitana mapemphero pamene pankafunika dokotala. Anati mwana wawoyo akhoza kuwakwiyira koma sangawasudzule, pamene ine akhoza kundisiya, ndipo a boma aja sangapite ku Chipata kukalanda mwana kwa nkhalamba, koma kwa ine akhoza. Anati mukhale chete mundilerere mdzukulu wanga, mkwiyo wa mwana wangayu ndikuudziwa, sutha mwezi.

Apa ndi pamene analakwitsa. Mkwiyowo sunathe. Apongozi akaimba foni iye ankangoti tili bwino amama, n'kundipatsira ine. Anapempha kangapo kuti tipite ndi mwana akamuone, iye ankati ntchito yachuluka. Chaka chatha apongozi anamwalira. Mwamuna wanga anapita kukaika maliro yekha, ndipo atabwera anandiuza kuti pamanda anawakhululukira, koma kuiwala sangaiwale. Ine ndinali ndikutsuka mbale, ndinapitiriza kutsuka.

Lero ndikukhulupirira kuti m'zidole zija munalibe mzimu uliwonse, zinali pulasitiki ndi maginito basi, ngakhale mpaka pano ndikaziona pawindo la shopu ndimawoloka msewu. Mapemphero sindinasiye, komanso amayi aja sindiwada, anabwera ndi mtima wothandiza ndipo ankapempherera zimene anauzidwa. Amene anali ndi mawu opulumutsa mwana m'chipinda chija ndinali ine. Ndiye amayi anzanga, chinthu akachilemba kuti si cha ana musachiseke, ndipo mwana akasanza zobiriwira mutengeni, muzipemphera muli m'galimoto. Dokotala akakufunsani, nenani zonse ngakhale amuna anu ali pomwepo.

Chandilembetsa zimenezi ndi chakuti sabata yatha mwana wathu, amene tsopano ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anafunsa bambo ake chifukwa chake m'nyumba mulibe chithunzi cha agogo. Sindinamve chimene anamuyankha. Ndinangoona wabwera kukhitchini, wandigwira siketi, n'kundifunsa m'Chingerezi chakecho ngati ndi zoona kuti agogo anali munthu woipa amene anamudwalitsa. Ndinamuuza kuti akasambe m'manja, chakudya chapsa. Apongozi anandilamula kukhala chete ndipo ndinawamvera, banja lilipo, mwana sanatilande. Koma iwo ankayesa kuti akusenza mwezi umodzi, osati mpaka kumanda, osatinso mpaka kwa mdzukulu wawo. Inu amene mwawerenga, ndiuzeni, ndinachita bwino kuwamvera? Nanga mwanayu akadzandifunsanso, pakuti adzafunsa ndithu, ndidzamutumenso kukasamba m'manja?