Kachitini ka Pawudala ka ku Halale

Mdzukulu wanga wamkazi akabwera kudzandiona kuno kumudzi, sayenda asanakhale pakhonde ndi kagalasi kake, kudzipakapaka kumaso mpaka tiyi kuzizira. Akuti akapanda kutero amadzimva ngati sanavale. Ine sindimuseka ayi, poti nanenso pa utsikana wanga sindinkapita kuchitsime ndisanadzole. Koma tsiku lina adandiyandikira ndi kathonje kake, amvekere, “Agogo, bwerani ndikupakeniko pang'ono, tibise timizereti.” Ndidamugwira mkono mwamphamvu mpaka mwanayo adadzidzimuka. Sadalakwe kanthu. Adangoponda pomwe adapondapo agogo ake aamuna, ndipo pamenepo mpaka lero pakadali potentha.

Timizere ankanenato ndi mphini zanga, za m'masaya ndi zapamphumi. Adanditema ndi amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, nditangotha msinkhu, kwathu kuno kumadzulo kwa Nsaru. Ankatsina khungu, kucheka ndi lumo, n'kutikitamo makala osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Zinkawawa, asakunamizeni munthu. Koma ndidaluma mano osalira, chifukwa mtsikana wopanda mphini tinkamunena kuti ali ndi nkhope yachimuna. Zitapola ndinkayenda monyang'wa, ndipo akazi a midzi ina ankandiimitsa panjira kufunsa mwini dzanja limeneli.

Kukongola kwa masiku amenewo kudali kuwala. Tinkakazinga nsatsi m'phale, kusinja, kuwiritsa, n'kuyengula mafuta ake kuthira munsupa. Ukasamba n'kudzola, thupi lonse linkangoti nyezinyezi. Wotuwa adali wodwala, wamasiye, kapena wosowa womusamala. Kumuuza mnzako kuti watuwa chidali chipongwe choti mutha kusiya nacho kupatsana moto.

Mwamuna amene adandikwatira adali wa cha ku Kabudula, ndipo adabwera kudzakhala chikamwini kwathu monga mwa mwambo. Mphini zomwezi ndi zimene zidamukoka, ankanena yekha akuzisisita ndi chala. Titabereka mwana wathu wamkazi, njala yaikulu ija itangodutsa, adapita ku Halale kukasaka ntchito. Adakaipeza m'nyumba ya azungu, yochapa ndi kusita. Ine ndidatsala ndikulima ndekha, mwana ali kumsana, mvula kubwera n'kupita, osacheukira mwamuna wina aliyense.

Nditamva kuti ali m'njira ndidayenga mafuta atsopano, kusamba, kudzola, kuvala mikanda yanga yonse. Adafika pa njinga, chipewa chili chopendeketsa, sutikesi kumbuyo. Mudzi wonse udakhamukira pakhomo pathu. Atagawa mphatso kwa abale adatembenukira kwa ine, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Amake mwana, nanga kunyezimira konseku? Mwagwera mumphika wa mafuta kodi?”

Anthu adaseka, inenso ndidaseka nawo, poyesa ndi nthabwala za munthu amene wakusowa. Kenaka adatulutsa kagalasi ndi kachitini kozungulira, kojambulidwa maluwa pachivundikiro. M'katimo mudali ufa wonunkhira, woyera mofiirira pang'ono.

“Uyu ndi pawudala,” adatero. “Adona anga satuluka kuchipinda asanapake, ndipo akazi a m'tauni onse ndi momwemo. Mafutawo musiye. Muzipaka uyu m'mawa uliwonse, makamaka pa zipserazo.”

Zipsera! Ndidayang'ana kumbuyo kuti kapena akunena wina.

Koma ndidapaka. Ndidali nditamudikira nthawi yaitali munthuyu, ndipo ndinkalifuna banja langa. M'mawa mwake ndidafika kuchitsime nkhope ili mbuu. Akazi anzanga adatula mitsuko. Wina adafunsa mwachifundo ngati ndadwala, wina amvekere, “Kapena mwagona paphulusa, eti?” Ndidawauza kuti n'za ku Halale, iwo n'kuti, “Oo, basi ku Halale kuli njala.” Kumunda kudali koposa. Ukawerama mu fodya thukuta limayenderera, ndiye pawudala uja ankasungunuka n'kukaundana m'mphini momwemo. M'malo mozibisa ankazilemba moyera, zoti ngakhale munthu ali kutsidya kwa dambo atha kuziwerenga.

Amayi aakulu atandiona sadakalipe. Adandigwira chibwano, kundipendeketsa uku ndi uku monga adachitira tsiku londitema, n'kufunsa chapansipansi, “Mwana wanga, dzanja langa lidalakwa pati?”

Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero si kuseka kwa akazi aja. N'chakuti pakutha pa miyezi yochepa ndidayamba kumukhulupirira mwamunayo. Kagalasi kaja ndikakayang'ana ndinkaonadi zipsera pomwe kale ndinkaona ulemerero. Tsiku lina ndidaiwala kupaka, ndipo nditakumbukira ndili pakati pa njira ndidabisa mtsuko patchire, kuthamangira kunyumba nditaphimba masaya ndi nsalu ngati wakuba. Ine amene ndinkaimitsidwa panjira! Palibe adandimenya, palibe adandimanga, koma nkhope yanga yomwe ndidayamba kuichitira manyazi. Zimenezo ndiye sindidamukhululukire.

Zidafika pachimake tsiku la msika wa fodya ku Nsaru. Ndidasenza mtolo kuchokera kumudzi, iye akukankha njinga yake patsogolo. Pofika kumsika fumbi, thukuta ndi pawudala zidali zitagwirizana pankhope panga. Kumeneko adakumana ndi mnzake amene ankagwira naye ntchito ku Halale, ali ndi mkazi wake wovala diresi ndi nsapato, nkhope yosalala yopanda kamzere n'kamodzi komwe. Atapatsana moni mnzakeyo adandiloza ndi mlomo.

“Awa ndiwo mayi munkatiuza aja?”

“Ndi omwewa,” adayankha mwamuna wanga. “Ndayesetsa, achimwene, koma khoma likang'aluka, ngakhale ulizire chotani ming'alu imaonekabe.”

Adaseka mpaka kuombana m'manja, ine nditaima pomwepo mtolo uli pamutu. Mkazi uja sadaseke. Adadikira amunawo atayang'ana kumbali, n'kundipatsa kansalu kake koyera, nati monong'ona, “Pukutani, mayi, wachita mizere.” Chifundo chimenecho chidandiwawa kuposa kuseka kuja. Ndidathokoza, kupukuta, kumubwezera kansalu kake kali bii.

Pobwerera sindidalire. Ndinkayang'ana msana wake ndikuwerengera za mwambo wathu. Mkamwini ali ngati mlendo wolima. Banja likatha amanyamula zovala zake, nkhwangwa yake, basi. Nyumba, munda, nkhokwe ndi ana zimatsala kuchikazi. Ndikadafuna ndikadamutulutsira sutikesi yake tsiku lomwelo, koma akadasiya chiyani? Kanyumba kodontha ndi chigafa chopendekeka? Ayi. Ndidati munthuyu wandiphunzitsa za makoma, ayambe wandimangira abwino.

Kuyambira pamenepo ndidasanduka mkazi womvera kwambiri m'mudzi monse. Pawudala ndinkapaka wochuluka, dzuwa lisanatuluke, ndipo ndikamupatsa madzi osamba ndinkagwada nkhope ili mbuu, iye n'kumagwedeza mutu mokondwa. Ndiye ndinkaponya mawu pang'onopang'ono.

“Bambo ake mwana, kodi adona anu aja ankapakira pawudala m'nyumba yamdima ngati inoyi? Ine m'kagalasimu sindiona bwino.”

Zidamulowa. Adaumba njerwa, kuwotcha, kumanga nyumba ya zipinda, chitseko chamatabwa ndi mawindo agalasi, yoyamba m'mudzi mwathu. Ndidati munthu wodziwa za ku Halale sangafukizire fodya m'chigafa chonga cha anzake, iye n'kumanga chachikulu. Ndidadandaula za dzuwa kuti likusungunula pawudala, iye n'kubzala mango kuzungulira bwalo. Anthu ankati alamu athuwa abwera ndi mphamvu, osadziwa kuti khasu lake ndagwira ndine.

Pawudala adatha nyumba isanafike pa mawindo. Sindidamuuze. Ndidatenga ufa woyera, kuusefa pansalu kawiri, kudzaza m'kachitini muja. Kafungo kadali kadakakamira m'chitinimo, ndiye kankanamiza mphuno. Ndidapaka ufawo dzinja lonse ndi chilimwe chomwe, nthawi zina nkhuku kumandiyang'ana mokayika, koma mwamuna wanga sadazindikire. Mpaka ankayamikira kuti tsopano ndadziwa kapakidwe kake. Pamenepo ndidatsimikiza kuti nkhope yanga adasiya kalekale kuiyang'ana.

Denga litatha, nkhokwe itadzaza, ndidapita kwa alongo anga, amene adali mwini mbumba wathu. Poyamba adakana.

“Mlongo wanga, mlandu wake ndi wotani? Munthu sakumenya, salowerera mowa, wamanga nyumba. Ankhoswe ake tikawauza chiyani?”

Ndidawauza mawu a kumsika aja momwe adalili. Amayi aakulu, amene adali pambali akusenda nsatsi, ndiwo adayankha osadzutsa mutu. “Mukawauze kuti khomalo ndi lathu, ndipo ming'aluyo ndidaika ndine.” Alongo anga sadatsutsenso.

Tsiku lomwe tidapangana litafika ndidalawirira kumtsinje. Ndidasamba mokhula, kuchotsa ufa wonse, kudzola mafuta a nsatsi kuyambira pamphumi mpaka kuchidendene, kuvala mikanda yanga. Ndidabwerera dzuwa lili paliwombo, ndikuwala ngati mtsuko wongokulungiza kumene, akazi a kuchitsime akunditsata kumbuyo poti adanunkhiza kuti kuli nkhani. Ndidamupeza ali pampando pakhonde lake latsopano. Asanatsegule pakamwa ndidalowa, kutulutsa sutikesi ndi nkhwangwa, kuyedzamiritsa njinga pamtengo. Kenaka ndidasolola udzu padenga la kanyumba kathu kakale, kuumanga, kuuyatsa kukhitchini.

Achinyamata a lero sadziwa izi. Muuni timayatsira munthu woyenda mumdima kuti aone njira. Koma mkazi akayatsira mkamwini muuni masana, dzuwa likuswa mtengo, ndiye kuti banja latha, nyamuka pompano, usadikire kuti kuche. Ndidagwada bwinobwino monga mkazi wolangidwa, n'kumupatsa ndi manja awiri.

“Amake mwana, n'chiyani chimenechi?”

“Ndi muuni, bambo. Muunikire njira ya ku Kabudula. Khoma lija latopa n'kuziridwa.”

Adaimirira, kuyang'ana muuni, kuyang'ana anthu, kuyang'ana mawindo ake. “Nanga nyumba yangayi?”

Alongo anga adayankha ali chikhalire pansi pa mtengo. “Dothi lake mudakumba m'mudzi mwa yani, alamu?”

Muuni udanyeka mpaka kumufika kuzala asanaganize zoutaya. Ankhoswe ake adabwera pambuyo pake, kupepesa, kunyengerera, kunena kuti zidali nthabwala chabe. Ndidawapatsa mpando pakhonde lomwelo, kuwaphikira nkhuku, n'kukana.

Ena amati ndidauma mtima, akuti mawu okha sathetsa banja. Amene amatero sadayendepo chaka chathunthu atapaka ufa kumaso. Ndidakwatiwanso patsogolo pake ndi munthu wina amene sadafunsepo za nkhope yanga, kungoti mafuta akatha ankandithyolera nsatsi yekha.

Patapita mvula zingapo woyamba uja adabwera kudzaona mwana wake. Adafika wapansi, njinga atagulitsa, chipewa chitatha mphepete. Tidamva kuti ankalima fodya wa eni ake pa esiteti ina cha ku Namitete. Adali atatuwa munthuyo, miyendo ili mbuu, milomo yosweka, zidendene zitang'aluka mpaka kuonetsa zofiira. Adakhala m'mphepete mwa khonde, mango ake aja atayamba kupereka mthunzi, n'kucheza ndi mwana. Pofuna kutsanzika adandiitana ndi mawu otsika.

“Amake mwana, simungandigawireko timafuta pang'ono? Mapaziwa akundiletsa kuyenda.”

Ndidalowa m'nyumba. Nsupa idali yodzaza, ndidali nditayenga dzulo lake. Ndidaipitirira, kukapisa dzanja pamwamba pa khoma pomwe ndidaponya kachitini kaja, kukapukuta fumbi, kutuluka nako. Ndidagwadanso.

“Mafuta ndi achimidzi, bambo. Ku Halale amapaka uyu. Mupake makamaka pa ming'aluyo.”

Adakalandira n'kukatsegula. Kafungo kadali katatha, ndipo mu ufamo munkayenda tizilombo tofiira tija ta m'dengu. Adatapa pang'ono, kufikisa pazala, kununkhiza.

“Koma uwu ndi ufa.”

“Ee, ndi ufa. Womwe uja munkauyamikira kuti ndadziwa kapakidwe kake.”

Apo ndi pomwe adandiyang'ana kumaso, koyamba kuyambira tsiku lija adandipatsa kachitiniko, kutsata mphini iliyonse ndi maso. Ndidamulola ayang'ane mpaka atakhuta. Chisoni sichidandigwire, ndipo mpaka lero sichinabwere. Adaika kachitini pansi, kudzuka, kutsika khonde akuyenda chopondera kuzala.

Ufawo ndidakhuthulira nkhuku. Kachitiniko ndikadali nako, ndimasungiramo singano.