Amalume ndi dimba la kumtsinje

Amalume anga, achimwene awo a amayi, ankakonza njinga pamsewu wopita ku Nguludi. Anali amkamwa, akaledzera ankatukwana aliyense. Chaka chimene ndinakwatiwa, bambo wina wogulitsa mbuzi anapezeka atafa pafupi ndi dimba la amalume, atatemedwa m'khosi. Dzulo lake awiriwa anakangana pamowa.

Amene anakachitira umboni kukhoti anali alamu awo, amuna awo a mayi anga aang'ono. Anati anawaona amalume akutsuka chikwanje kumtsinje. Ndani m'mudzi muno satsuka chikwanje kumtsinje? Amalume anawatsekera, ndipo mvula isanagwe alamu aja anali atawokera kale tomato m'dimbamo.

Amalume anatuluka m'ndende ine ndili ndi zidzukulu. Mano anali atatha, mutu uli mbuu. Tsiku loyamba mayi aang'ono anawapakulira m'mbale yothetheka imene ankadyetsera galu. Ndinaiona ndi maso angawa. Ndinawatenga amalume n'kukakhala nawo kwanga.

Sankatopa nayo nkhaniyo. Mu minibasi yopita ku Boma, pachigayo, pamzere wa kuchipatala, ankagwira mkono wa munthu wosamudziwa.

"Bambo, ine sindinaphe munthu."

Anthu ankaseka, ena ankasuntha. Mkulu wina wa kutchalitchi anabwera kudzawanyengerera.

"Ingovomerani, achimwene, mufe ndi mtima woyera."

"Ndivomere chiyani? Ndinamutukwana, eya. Lembani zimenezo. Kupha ayi."

Amalume atadwala kwambiri, alamu aja anafika ndi beseni la tomato wa m'dimba lomwelo, n'kukhala pakhonde akumwetulira.

"Zakale zinapita, alamu."

Amalume anangotembenukira kukhoma. Tomatoyo ndinakataya kudzala, manja ndinasamba ndi sopo.

Pamaliro, amene anaimirira kulankhula m'malo mwa banja anali alamu omwewo, atavala jekete. Anati malemu anali munthu wofatsa, wokonda abale, ndipo banja silinawataye pa mavuto awo onse. Mayi aang'ono ankalira mokweza, akudzigwetsa pansi, amayi a mpingo akuwagwira. Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kulavula mpaka kukhosi kuuma.

Amene anapha wogulitsa mbuzi sindimudziwa. Mayi aang'ono ndi amuna awo akadali moyo, amakhala kutsidya kwa msewu. Tikakumana pachitsime amandipatsa moni, ine ndimatunga madzi anga n'kumapita.