A Jaji Amene Anakana Kufa pa Kanema

Akulu anga anabadwa ndi misozi pafupi. Tili ana, iwo akaswa kapu wokwapulidwa ndinkakhala ine, chifukwa amayi asanafunse n'komwe, akuluwo ankakhala atayamba kale kusisima, chala chikuloza kwa ine. Amayi akangotuluka, misozi ija inkauma ngati dontho la madzi pachiwaya chamoto. Anthu amati limenelo ndi luso. Ine amene ndinkalephera kukhala pansi chifukwa cha zikwapu ndinali ndi dzina lina lolitchulira.

Atamaliza sukulu, bambo anawapezera ntchito m'sitolo ya nsapato, koma sanakhalitsemo. Tsiku lina munalowa mkulu wa gulu lina la zisudzo, amene aliyense ankangomutchula kuti Chipewa chifukwa dazi lake palibe analionapo. Anapeza akulu anga akutsimikizira mayi wina wa mapazi otambalala ngati a bakha kuti nsapato yothina imene ankalimbana nayo ikumukhala bwino zedi. Mayiyo analipira n'kutuluka akutsimphina koma akumwetulira.

"Mtsikana iwe," anatero Chipewa, "bodza labwino chonchi ukuliwonongera pa nsapato?"

Sabata yomweyo anasiya ntchito. Bambo atamva anafunsa kuti, "Ndiye uzikadya chiyani kumeneko?"

"Anthu azindiombera m'manja, bambo."

"Kodi m'manja amadya?"

Gulu la Chipewa linkayendayenda m'maholo a sukulu ndi a matchalitchi, katundu yense ali m'sutikesi imodzi yomanga ndi lamba. Katani yawo inali mabedishiti awiri osafanana mtundu. Akulu anga ankapatsidwa mbali ya wantchito wa m'nyumba: kulowa, kusesa, kunena kuti kwabwera alendo, n'kutuluka. Koma kusesa kwake! Mwamuna ndi mkazi a m'seweromo akamakangana kutsogolo, iwo kumbuyo ankasesa mpaka a pabenchi yoyamba kuyamba kutsokomola, uku akutong'ola maso ndi kugwira pakamwa. Anthu ankaiwala okangana aja n'kumayang'ana tsache. Anzawo m'gulumo ankawada kwambiri, ndipo ine sindiwaimba mlandu.

Mwayi unabwera pamene wailesi yakanema inapatsa Chipewa ntchito yokonza sewero la milandu ya kukhoti, loonetsedwa sabata iliyonse. Mayi amene anasankhidwa kukhala woweruza anali ndi mutu waukulu, ndipo wigi yoyera imene inali itagulidwa kale inakana kumulowa. Zinaoneka kuti kusintha munthu n'kosavuta kusiyana ndi kusintha wigi. Anafoletsa akazi onse a m'gululo n'kumaiyesa mutu uwu ndi uwo, mpaka inakhala pa akulu anga. Iwo akamafotokoza lero amati anawasankha pakati pa anthu mazanamazana atamva mawu awo. Inetu ndinalipo, ndinawaperekeza kuti ndiwanyamulire chikwama.

Sindinama, pakanema ankaoneka bwino. Mkanjo wakuda, magalasi pamphuno, kanyundo m'manja. Sewero lililonse linkatha iwo atamenya tebulo n'kunena kuti, "Khoti lino lamva zokwanira!" Mawu amenewo anagwira mzinda wonse. Makondakitala ankawanena kwa okwera okanganira chenji, azimayi ankawanena kwa amuna awo. Dzina lawo lenileni linafa, aliyense ankangoti a Jaji.

Vuto linali lakuti wigi ankaisiya kuntchito, koma mutu ankabwera nawo kunyumba. Anali atakwatiwa ndi bambo wina wofatsa, wokonza mafiriji, munthu woti ngakhale ntchentche ankaipempha kuti ichoke. Alamu angawo akafunsa kuti malaya awo abuluu ali kuti, yankho linkakhala lakuti, "Funso limenelo khoti lalikana." Patebulo, supuni inasanduka kanyundo. Ngakhale amayi otibereka, akabwera kudzacheza, ankauzidwa kuti azilankhula mmodzimmodzi, pamene wolankhulayo anali iwo okha. Alamu anapirira zaka zingapo, kenako tinangomva kuti anyamula matiresi n'kukagona kushopu kwawo, pakati pa mafiriji akufa. Nditapita kukawanyengerera anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mlamu, musavutike. Kuno n'kotentherako."

Chokhumudwitsa n'chakuti anthu ankawakhulupirira. Mchimwene wathu wamng'ono atakangana ndi mkazi wake pa nkhani yofika mochedwa kunyumba, awiriwo anapita okha kwa a Jaji kuti akawaweruze. Akulu anga anawakhazika pampando wautali, iwo n'kukhala pampando wa alamu aja, ndipo asanamve mbali zonse anayamba kulakatula chigamulo chimene anali ataloweza sabata imeneyo. Tsoka ilo chinali cha mlandu wa mwamuna wobisa mkazi wachiwiri ndi ana atatu. Mkazi wa mchimwene wathu anamvetsera mpaka kumapeto, anathokoza mwaulemu, anakalongedza katundu n'kupita kwawo. Amayi anatha nsapato kuyendera nkhani imeneyo kuti banjalo libwererane. Akulu anga atafunsidwa anangoti, "Ngati analibe mlandu, anathawiranji maso anga?"

Kukhoti kwenikweni anakafikako kamodzi. Anagula galimoto asanaphunzire kuyendetsa, ndipo tsiku lina pobwerera m'mbuyo anagwetsa mpanda wa njerwa wa neba wawo. Neba anakasuma. Tsiku la mlandu anavala zakuda zokhazokha, anadutsa pakati pa mabenchi akugwedezera anthu mutu, n'kukaima pafupi ndi tebulo la majisitireti, mtsikana wochepa thupi amene ankalemba osadzutsa mutu.

"Mnzanga," anatero akulu anga, "kankhani aka tikhoza kukambirana kuseri, ife eniake ntchito."

Majisitireti anadzutsa mutu. "Mayi, ndinu ndani?"

"Simukundidziwa?"

"Ayi. Imani uko, m'kabokosi ako. Mukafunsidwa muyankha."

Khoti lonse linaphulika ndi kuseka, mpaka wapolisi wapakhomo anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Anawalamula kumanganso mpandawo. Tili panja ndinkayembekeza kuti mwina manyazi awagwirako, koma anandikoka dzanja n'kunena kuti, "Wamuona mwana uja? Mawu alibe. Ngakhale kaimidwe sakudziwa. Safika patali ameneyu."

Kuntchito nako anali atawatopetsa. Ankafika mochedwa, ankasintha mawu olembedwa, ankakana kuti woimira boma pamlandu alankhule nthawi yaitali kuposa iwo. Chipewa anapeza mtsikana wina wa mutu wofanana ndi wawo, ndipo analemba kuti woweruza wakale adwale mtima ali pampando, agwe, afe. Ine tsiku lojambula ndinapita nawo, ndipo sindibisa, ndinapitira kukaonerera.

Wojambula atapereka chizindikiro, akulu anga anagwira pachifuwa, anapepesuka, anagwera patebulo. Onse anapuma. Mwadzidzidzi mtembo unadzutsa mutu n'kuyamba kulangiza dziko za chilungamo.

"Imani!" anakuwa Chipewa. "Mayi, wakufa salankhula."

"Wakufa wake uti? Woweruza ngati ine sangafe ngati nkhuku yachitopa."

Anabwereza. Ulendo uno anagwa bwinobwino, koma dzanja linatsala m'mwamba likufufuza kanyundo. Anabwerezanso, iwo n'kufa diso limodzi lili pa kamera. Dzuwa linapendeka magetsi akuotcha, anthu thukuta lili kamukamu, a Jaji osafa. Pomaliza Chipewa anavula chipewa chake, koyamba m'mbiri, anapukuta dazi n'kunena kuti, "Chabwino mayi, pitani mukapume. Tiganiza zina."

Anabwerera kunyumba ngati msilikali wopambana nkhondo. Tsiku loonetsa sewerolo anaitana aneba onse, ngakhale wa mpanda uja, kuti adzaone mmene munthu amagonjetsera imfa. Tinadzaza pabalaza, ena atakhala pamikono ya mipando. Sewero linayenda mpaka pamene iwo anagwira pachifuwa. Kenako kamera inapita kumbuyo kwa woweruza, tinangoona msana ndi wigi. Msana uja unagwera patebulo, wigi inagubuduka pansi, basi. Unali msana wa mayi wopaka anthu zodzoladzola kuntchito kwawoko, ine ndinauzindikira. Chotsatira chinali chithunzi cha akulu anga chili ndi kansalu kakuda pakona, ndi nyimbo yachisoni.

Amayi, amene maso anali atayamba kuwavuta, ndi amene anayamba kulankhula.

"Pepa mwanawe. Koma wafa bwino, sunavutike."

Mmodzimmodzi aneba anakumbukira kuti asiya mapoto pamoto.

Kuchokera pamenepo zinthu zinatsetsereka. Anabwereka holo kuti achite sewero la iwo okha, lofotokoza moyo wawo. Ine anandiika pakhomo kuti ndiziletsa anthu kukankhana. Amene anabwera tinali abale, ndi anthu ena ochepa othawa mvula. Mvulayo inalimba padenga lamalata moti tinkangoona pakamwa pakuyenda ndi manja akuuluka, mawu osamveka. Pambuyo pake anawaitana kukajambula malonda a sopo, anakonzetsa tsitsi tsiku lonse, koma pakanema panaoneka manja okha ali m'beseni. Galimoto inagulitsidwa, nyumba anabweza kwa mwini wake, ndipo anabwera kwathu kuti akhale sabata ziwiri poyembekezera foni ya anthu ena akuluakulu. Mwana wanga amene anawapatsa chipinda chake nthawi imeneyo, pano ali ndi wakewake mwana.

Ntchito anaipeza ndithu, kusukulu ya anamwino. Kumeneko amafuna anthu onamizira kudwala kuti ophunzira aziyeserera kufunsa odwala. Amawauza kuti lero ndinu mayi womva mutu ndi kuphwanya m'thupi, basi. Akulu anga amawonjezera mwamuna wothawa, apongozi ankhanza, ndi kukomoka kawiri. Mphunzitsi wawo anawachenjezapo kuti ophunzira akulephera mayeso chifukwa matenda amene iwo amaonetsa mulibe m'buku lililonse. Komabe sawachotsa. Tsiku lina nditapita kukawatenga ndinasuzumira pawindo, ndinawaona atagona pabedi ngati gogo amene wangouzidwa kuti sachira. Sankakuwa, sankaponya manja. Ankangosalaza chofunda ndi chikhatho, n'kumafunsa wophunzira wamkazi ngati kunja kukuzizira. Wophunzirayo misozi inali mbwembwembwe, ndipo inenso ndinapezeka ndikupukuta m'maso. Zinandikwiyitsa kwambiri. Kani anali nalo luso limeneli zaka zonsezi, n'kumatidyetsa kanyundo.

Mwezi uno akuti awakweza, tsopano akhala wodwala wakufa ziwalo mbali imodzi. M'mawa uliwonse amayeserera m'khonde mwathu, kukoka mwendo kuchokera kubafa mpaka kukhitchini, pakamwa atapotoza. Dzulo amuna anga anakumana nawo akutuluka m'chipinda, tayi ili m'manja, ndipo anaima kuwapatsa njira.

"Alamu, mwendo wake si unali wamanzere dzulo?"

Akulu anga anaima, anayang'ana miyendo yawo yonse iwiri, anasintha, n'kupitiriza ulendo wa kukhitchini kukamaliza mkaka wa ana.