Lawani Kaye

Achemwali anga ankakazinga usipa ndi kambuzi, adyo ndi mandimu, n'kuutsekera m'mabotolo. Kwathu ku Liwaladzi usipa si nkhani, mwana aliyense amakulira pansi pa thandala loyanikapo nsomba, koma wawowo unali wina. Malo ogona alendo a ku Ngala ankaoda, aphunzitsi ankatumizira abale awo ku Lilongwe, ndipo madalaivala ankaimitsa minibasi yodzaza anthu pamsewu kudikira botolo. Amuna awo atamwalira, ana analeredwa ndi mabotolo amenewo.

Mphunzitsi wina, kasitomala wawo, ndiye anawalembetsa mpikisano wa pa TV wa anthu a mabizinesi ang'onoang'ono. Umaima pamaso pa oweruza n'kufotokoza malonda ako, iwo n'kukupanikiza ndi mafunso, ndipo sabata iliyonse wina ankabwezedwa kwawo. Kujambula kunachitika mu Ramadani, mwezi umene ife Asilamu timafunga, osadya kapena kumwa kanthu mpaka dzuwa litalowa. Achemwali anapita ku Lilongwe ali ofunga, anabwerako ali ofunga, ndipo nditawafunsa anangoti zayenda mmene Mulungu wafunira.

Pulogalamuyo anadzaionetsa patapita miyezi, za Ramadani anthu ataiwala kalekale. Tinadzazana pagolosale ya pamsewu imene inali ndi TV ya sola. Woyamba kuoneka anali mnyamata wa m'tauni, suti yothina, Chingerezi chotulukira m'mphuno. Anati apanga makala a mankhusu a mpunga n'kupulumutsa mitengo ya dziko lonse. Makalawo sanabweretse, anabwera ndi zithunzi. Amayi a pagolosale anamuimbira nthungululu ngati mkamwini wawo.

Kenako analowa achemwali, mpango wawo wa Idi kumutu. Anagwada, napereka botolo ndi manja awiri. Woweruza wina, mayi wa magalasi, analinunkhiza n'kulikankhira kwa iwo.

"Lawani kaye inuyo, ife tione."

Achemwali anayang'ana pansi. "Pepani, sindingathe."

Pamenepo a TV analiza kang'oma kawo koopseza kaja, kamera n'kuthamangira pankhope ya mayi wa magalasi. Iye anati ngati mwini wake akuopa, iwo afere chiyani. Mawu otsatira a achemwali, akuti ndafunga, anawadula ngati mutu wa nsomba n'kuwataya. Golosale yonse inafa ndi phwete. Achemwali anali atakhala pa benchi pambali panga, ndipo nawonso anayesa kuseka.

Anthu a ku Blantyre ndi ku Mzuzu sindiwasungira mlandu, anaona zimene anaonetsedwa. Amene amandiwawitsa mtima mpaka lero ndi akwathu. Mwezi umenewo anafunga nawo limodzi. Ankaswali nawo mzere umodzi kumzikiti, ndipo usipa womwewo ankadyera futali yawo madzulo pomasula kufunga. Ankadziwa bwinobwino chimene chinachitika, koma nkhani ya kufunga siseketsa, pamene ya mayi woopa chakudya chake imakoma pa WhatsApp. Sabata isanathe, wina anali atamva kwa wina kuti m'mabotolomo amathiramo mankhwala oumitsira maliro. Wina anati ayi, ndi chizimba chokokera makasitomala. Ana ankawatsata kuchokera kudoko mpaka kumsika akukuwa kuti lawani kaye, makolo awo ali pakhonde kumwetulira.

Ine ndine wapakamwa, ndinayambana ndi theka la mudzi. Mayi wina wogulitsa tomato ndinamukumbutsa mabotolo amene ananyambita paukwati wa mwana wake, iye n'kundiuza kuti ndiye chifukwa chake m'mimba simumukhala bwino. Ashehe ananenapo Lachisanu kumzikiti, anthu anagwedeza mitu, atatuluka n'kutumizirananso kavidiyo ka pa TV kaja. A ku Ngala analeka kuoda, ati alendo ali ndi mafoni. Mnansi wathu wa ku Anglican yekha ndiye sanasiye kugula, koma ankabwera ndi kambale kake kuti botolo lisaoneke m'nyumba mwake.

Mnyamata wa suti uja ndiye anapambana. Zaka zapitapo ndithu, ndipo sindinakumanepo ndi munthu amene anaphikira makala ake ngakhale tiyi. Zinamveka kuti makina amene anampatsa anagulitsa n'kulowera ku Joni. Kwathu akamukumbukira amati mwana uja anali ndi mutu, dziko lino linangomuchepera. Munthu anamuona kamodzi atavala suti, basi, mpaka pano akadali m'suti yomweyo.

Achemwali anayamba kuyenda ndi kasupuni m'chikwama. Kasitomala aliyense, ngakhale asanapemphe, ankamutsegulira botolo n'kulawa iye akuona. Kambuzi wa tsiku lonse wopanda chotsagana nacho anawapatsa zilonda za m'mimba, ndipo anaonda mpaka zitenje zinayamba kuwazungulira kawiri. Mu Ramadani sankatuluka ndi malonda masana, chifukwa ankadziwa chimene akauzidwe. Kufunga ndiye chinthu chimodzi chimene TV ija sinawalande. Chiyambire utsikana wawo sanamasulepo dala, ngakhale chaka chimene ankadwazika amuna awo kuchipatala cha paboma.

Ramadani yapitayi kunabwera uthenga kuchokera ku Ngala. Malo ena ogona alendo anali ndi manijala watsopano, ndipo ankafuna usipa wa m'mabotolo pa tebulo la alendo. Anati abwere tsiku lomwelo. Ndinawaperekeza. M'minibasi anafumbata chikwama cha mabotolo pamiyendo, akundiuza kuti zikatheka akonzetsa denga mvula isanabwere.

Manijalayo anali wamng'ono kwa ife tonse. Anatilandirira kuseri kwa khitchini, dzuwa lili paliwombo, ophika ndi operekera zakudya ataima pakhomo. Anayang'ana achemwali, nayang'ananso, kenako nkhope yake inawala.

"Paja ndinu mayi aja? Ndiye lawani kaye."

"Ndafunga, bwana."

"Aa, zomwe zija zayambanso," anatero akutembenukira anzake, iwo n'kuseka.

Ndinawagwira achemwali mkono kuti tizipita. Anandichotsa dzanja pang'onopang'ono, natulutsa kasupuni kaja. Anatsegula botolo, anatapa, anatafuna, nameza, maso ali pakhoma. A kukhitchini anawomba m'manja. Mmodzi anali atakweza foni. Manijala anati usipa ukuoneka bwino, atiimbira akakambirana ndi eni ake a malowo. Sanaimbe.

Tinakwera minibasi yobwerera kwathu. Titatsika pa Liwaladzi tinapeza kavidiyo ka kukhitchini kuja katafika kale. Mayi wa tomato uja anatidikira kuti tiyandikire, kenako anauza mnzake mokweza kuti iye sangagule ndiwo kwa munthu wodya masana a Ramadani chifukwa cha malonda. Mnzakeyo anavomera, ati anthu ena alibe manyazi. Ine wapakamwa uja ndinangowalandira achemwali chikwama, tinapitirira kunyumba.

Madzulo achemwali anaphika phala la futali monga mwa masiku onse, nayala mkeka, nagawira ana. Kumzikiti atayamba kuitana, ndinawapatsa kapu ya madzi kuti ayambe ndi iwo kumasula, poti ndiwo aakulu pakhomo. Anaibweza osandiyang'ana.

"Patsa amene afunga."