Likodzo Limene Ndinatenga Pokonza Njira za Njinga

Chizindikiro choyamba chinali kuyabwa kwa miyendo. Munali mu Marichi, mvula ili pafupi kutha, ndipo tsiku limenelo ndinaswera m'madzi a khwawa lina lothira mu mtsinje wa Mupfure ndikuyala miyala. Madzulo ndili mu kombi, minibasi ya kuno, kubwerera kwathu ku Chinengundu ndinaona tiziphuphu tofiira kuyambira m'mawondo kutsika mpaka kumapazi. Ndinakanda, ndinadzola mafuta, patapita masiku angapo tinafota. Sindinaganize kuti ndi matenda.

Ndine mayi wa ana atatu, ndinabadwira ku Chegutu konkuno. Agogo anga anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Gadzema, ndipo Chichewa sichinathe pakhomo pathu ngakhale ana anga amandiyankha m'Chishona. Fakitale ya nsalu imene ndinkagwirako itatichotsa ntchito, ndinapeza ganyu kwa gulu lina la anthu okwera njinga zam'mapiri. Anthuwa amabwera Loweruka ndi Lamlungu kuchokera kumatauni akuluakulu, njinga zawo atazimangirira kumbuyo kwa galimoto. Ntchito yathu inali kulambula njira zawo m'chigwa: kutchetcha udzu ndi chikwakwa, kudula nthambi, kukwirira maenje amene makorokoza, anthu okumba mwachisawawa, amasiya akamafuna golide, ndi kuyala miyala pamadooko kuti matayala asamatitimire m'matope. Amuna amene tinkagwira nawo ntchito ankabweretsa miyala pa wilibala. Kuyala m'madzimo inali ntchito ya ine ndi mnzanga Esinati. Tinkalowa opanda nsapato, nsalu titaipinda m'chiuno.

Mu Epulo thupi linayamba kutentha, mutu kuwawa, ndi chifuwa chouma. Ndinapita ku kachipatala kena kakang'ono, anandiyeza malungo, sanawapeze. Anandipatsa mankhwala opha ululu nandiuza kuti ndipume. Kupuma kunalibe, chifukwa mpikisano waukulu wa gululo unali mu Juni. Tsiku la mpikisanolo ndinaima m'madzi ozizira kuyambira m'mawa mpaka masana, kubwezera miyala imene njinga zinkagudubuza. Okwerawo ankadutsa pamwamba pa miyala yanga, mapazi awo ali ouma, ena akundikwezera chala posonyeza kuthokoza.

Mu Ogasiti ndinaona magazi pomaliza kukodza. Poyamba anali madontho chabe. Kenako kunabwera kuwawa kwa chinena, kukodza pafupipafupi, ndi ululu waukulu ndikakhala malo amodzi ndi mwamuna wanga, nthawi zina mpaka kutaya magazi. Ndinabwerera ku kachipatala kaja. Namwino amene ndinamupeza sananditenge mkodzo, sanandifunse ntchito yanga. Anandiyang'ana nati, "Amayi akuluakulu ngati inu, izi n'zochititsa manyazi. Awa ndi matenda opatsirana pogonana. Mukamwe mankhwalawa pamodzi ndi abambo kunyumba." Chitseko chinali chotsekula, ndipo anthu a pamzere anamva zonse.

Mwamuna wanga ndi mlonda pa mgodi wina ku Gadzema. Nditamupatsa mapiritsi ake anawayang'ana nthawi yaitali. "Amake Tendai," anatero, "ine sindinayendepo kunja. Ndiye izi mwazitenga kuti? Kuthengo kumene mumapita ndi amuna aja?" Ndinalumbira, ndinalira, sizinathandize. Loweruka lotsatira ananyamula zovala zake n'kupita kwa mkulu wake ku Waverley, ku Kadoma. Pasanathe mlungu abale onse a kuchimuna anali atamva kuti ndine mkazi woyendayenda. Kutchalitchi amayi amene ndinkakhala nawo benchi imodzi anayamba kusiya mpata pakati pa iwo ndi ine. Mwana wanga wamkazi, Tendai, anasiya kundiyang'ana m'maso.

Ndinamaliza mankhwala onse, magazi sanasiye. Ndinabwereranso ku kachipatala kaja, anandibaya jakisoni, nandiuza kuti mwina ndabwerezanso khalidwe langa. Apa ndinaleka kupita kuchipatala. Ndinasankha kupirira ululu kusiyana ndi kukatukwanidwa. Ndinaonda, m'maso munayera, ndipo kukwera kamtunda kochoka kudooko ndinkachita kupumira panjira.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinakomoka ndili ndi chikwakwa m'manja. Esinati ndiye anandikweza kombi mpaka kuchipatala chachikulu ku Kadoma. Tinafika kukuda kale, tinagona kwa mbale wake, ndipo m'mamawa tinakakhala pamzere. Mzerewo unkayenda pang'onopang'ono, kuchoka pabenchi ina kupita pa ina: kolembetsa, koyeza sikelo, koyeza kuthamanga kwa magazi. Chifukwa chotaya magazi ananditumiza koyeza khansa ya khomo la chiberekero. Ndili chigonere pabedi loyezerapo ndinali nditavomera kale mumtima kuti ndikufa, ndipo ndifa ndi dzina loipa.

Namwino wa kumeneko anali mayi wachikulire wolankhula motsitsa. Atandiunika anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: "Mumagwira ntchito yanji, mayi?" Ndinamuuza. Anafunsanso ngati madziwo ndi oyenda kapena odikha, ndiponso ngati muli nkhono. Nkhono zinalimo zambiri, tinkazisesa pamiyala ndi manja. Anandipatsa kabotolo nandiuza kuti ndidikire dzuwa lifike pamutu ndisanathiremo mkodzo, chifukwa mazira a tizilombo amatuluka ambiri nthawi imeneyo.

Zotsatira zinatuluka tsiku lotsatira. Dokotala anati, "Khansa sitinaipeze. Matenda opatsirana pogonana sitinawapezenso. Muli ndi likodzo. Tizilombo take timachokera m'nkhono zam'madzi, timalowera pakhungu. Kwa amayi timawononga chikhodzodzo ndi njira ya chiberekero, n'chifukwa chake ambiri amasokoneza ndi matenda ena."

Ndinkayembekeza kuti ndisangalala. M'malo mwake ndinadzazidwa ndi mkwiyo. Miyezi yonseyo, banja langa, ulemu wanga, zonse zinagwa chifukwa munthu wina analephera kundipatsa kabotolo kamodzi.

Anandigoneka chifukwa magazi anali atachepa kwambiri. Moyo wa m'wodi unali wofanana tsiku ndi tsiku: kudzutsidwa kusanache kuti atiyeze kutentha kwa thupi, phala, kudikira madokotala, kudikira mankhwala, kudikira nthawi ya alendo. Alendo anga anali Esinati yekha. Mapiritsi a likodzo ndi aakulu ndiponso owawa, ndipo anandiuza kuti ndiyambe ndadya sadza yokwanira, nsima ya kuno. Tsiku limenelo ndinachita chizungulire, nseru, ndi kupotokola m'mimba, koma mawa lake zinachepa. Ataunika m'mimba ndi makina anapeza kuti impso zili bwino, koma chikhodzodzo chili ndi zipsera zimene mwina sizidzatheratu. Dokotala ananena mosabisa kuti ndikanalandira mankhwala mu Epulo zipserazo sizikanakhalapo.

Ndinapempha dokotala kuti alankhule ndi mwamuna wanga, ndipo Esinati anakamutenga ku Waverley. Anamvetsera zonse maso ali pansi, chipewa chili m'manja. Titatsala awiri anati, "Tiyeni tizipita kunyumba, zatha izi." Ndinamuyankha kuti, "Bambo a Tendai, sizinathe. Munanditukwana pamaso pa abale anu. Mukandiyeretse pamaso pa abale omwewo, ndipo ana akhalepo." Zinamutengera milungu ingapo, koma anachita. Anabwerera kunyumba. Ndimamuphikira, timacheza, koma sindinganame kuti mtima wanga unabwerera pamene unali.

Nditapeza mphamvu ndinapita kukaonana ndi bwana woyang'anira njira za gululo. Ndinkaganiza kuti ndikumubweretsera nkhani yachilendo, kuti achenjeze okwera njinga ake. Anagwedeza mutu nati, "Inde, madzi a m'chigwachi ali ndi likodzo. Okwera athu onse timawauza kuti asatsike panjinga pamadooko, ndipo wina akagweramo timamuuza akayezetse. N'chifukwa chake timafuna miyala ija." Ndinamufunsa chifukwa chimene sanatiuzire ife. Anandiyang'ana modabwa. "Ndimaganiza kuti inu munawazolowera madzi amenewa," anatero.

Mawu amenewa sindidzawaiwala. Munthuyu sanali wankhanza, sanatikalipirepo. Ankadziwa dzina la phiri lililonse ndi khwawa lililonse m'chigwamo, ankadziwanso za nkhono. Chimene sanaganizepo n'chakuti khungu langa limabooka ngati la mkazi wake. Ankatituma kukaima m'madzi kuti alendo ake asawakhudze.

Ndinauza anzanga onse, ndipo tinapita limodzi kukayezetsa. Esinati anapezeka nalo. Amuna awiri a wilibala anapezeka nalonso, ndipo mmodzi anaulula kuti wakhala akukodza magazi nthawi yaitali koma ankaopa kuuza mkazi wake. Tinagwirizana kuti palibe alowenso m'madzi opanda majombo aatali ndi magolovesi. Dooko lalikulu linakhala losakonzedwa mpaka okwerawo anayamba kudandaula kuti akugwa. Pamenepo majombo anabwera, ndipo pamalo awiri anamanga timilatho tamatabwa. Palibe anapepesa.

Lero ndikugwirabe ntchito komweko, chifukwa ana ayenera kudya. Atandiyezanso sanapeze mazira mumkodzo, magazi anabwerera, ndipo ndimakwera mtunda osapumira. Chinena chimawawabe nthawi zina, makamaka kukazizira, ndipo anandiuza kuti ndizipita kukaunikidwa chikhodzodzo chaka chilichonse.

Kwa amayi anzanga amene mumachapa, kuthirira madimba, kusefa golide kapena kugwira ganyu iliyonse m'mitsinje ya kuno: mukaona kuyabwa mutatuluka m'madzi, magazi mumkodzo, kapena ululu wa kumusi, pitani kuchipatala msanga. Musadikire kuti akufunseni. Nenani nokha kuti mumalowa m'madzi, ndipo pemphani kuti akuyezeni mkodzo. Akakutukwanani, pitani kwina, musakhale pakhomo monga ndinachitira ine. Ndipo kwa inu abambo, mkazi akadwala muperekezeni kwa dokotala musanapite kwa abale anu. Likodzo linachoka m'thupi mwanga ndi mapiritsi a tsiku limodzi. Koma ku Waverley alipo anthu amene mpaka lero amatsitsa mawu ndikamalowa pakhomo.