Kwacha wa Ziliza Afuna Khoma la Amoyo

Tailosi imene wamata Kwacha, mwana wa mlongo wanga, njovu inabwera kudzakandirapo msana, njovuyo n'kusupuka chikopa, tailosi ili phee. Chabwino, njovuyo ndawonjeza ndine. Kwathu kwa Mavwere chinyama chachikulu ndi ng'ombe ya pangolo. Koma zoti matailosi ake sagwa, zimenezo funsani akufa.

Inde, akufa. Kwacha anaphunzira ntchitoyi pomata ziliza. Chiliza chimakhala pamtetete, dzuwa n'kuchiwotcha, mvula n'kuchimenya, ndipo tailosi ikamatuka abale amati malemu akwiya. Ndiye mnyamatayo anazolowera kusamala. Matailosi amayamba wawaviika mumgolo kuti asamwe madzi a simenti. Khoma amalitematema kuti matope apeze pogwira. Matopewo amapaka kumsana konse kwa tailosi, osasiya mphako ngakhale yogona nyerere.

Vuto linali dzina. Anthu ankamutchula kuti Kwacha wa Ziliza, ndipo palibe ankafuna dzanja lozolowera kumanda pakhoma la nyumba yake. Ntchito inkapezeka anthu akagulitsa fodya, pomwe mabanja amakumbukira malemu awo. Miyezi ina yonse ankangopalira mtedza. Mkazi wake, Tiyanjane, anali woyembekezera, ndipo Kwacha sankafuna kuti mwanayo adzakule akudikira maliro a eni kuti adye.

Tsiku lina anamva kuti pa Boma, m'mbali mwa msewu wopita kuchipata cha Zambia, shopu ya mayi Anastazia ikuyoyoka. Mayiwa amaoda zitenje ku Chipata, ndipo kumaso kwa shopu yawo anamatitsa matailosi obiriwira. Thiraki ikadutsa, imodzi inkagwa. Makasitomala anayamba kulowa mothamanga, manja ali pamutu.

Kwacha anakwera njinga, ine n'kumuperekeza ngati mkulu. Atafika anagogoda khoma ndi chala. Linalira ngati chigubu chopanda madzi. Anatola tailosi yakugwa, naitembenuza.

"Onani, mayi. Anangodontheza timatope pakati ndi m'makona. Dzuwa la masana likatentha, imafufuma, n'kusiya khoma."

"Zimenezo ndaziona," anatero mayi Anastazia. "Koma inu si uja wa ziliza? Anthu adzati ndikugulitsira zitenje m'manda."

"Ndine ndithu. Koma mtundu musankha nokha, ndipo mtanda sindiikapo."

Mayiwo anamwetulira pang'ono, koma sanavomere. Anayang'ana khoma, nayang'ana njinga ya Kwacha, n'kuyamba kupinda chitenje chimene chinali chopinda kale. Kwacha anaona kuti ntchito ikumupulumuka. Pamenepo mpamene ine atsibweni ake ndinatsokomola, ndipo iye anadziwa kuti kukubwera chimvula.

"Mayi, ziliza n'zongothandiza abale," ndinatero. "Uyu anamata hotela ku Lusaka, yaitali moti amene ali pamwamba amadya Khirisimasi apansi akadali mu Novembala."

Nkhope ya mayi Anastazia inagwa.

"Wa ku Lusakanso? Amene anandimatira zikugwazi ankatinso wachokera ku Lusaka. Pepani, bambo, a ku Lusaka ndakhuta nawo."

Kwacha anaika tailosi ija pansi bwinobwino, ngati dzira.

"Mayi, musawamvere. Ine ntchito yanga yonse ili kwa Mavwere ndi kwa Dambe. Mukapemphe eni manda, mukagogode nokha chiliza chilichonse. Mukamva chigubu, musandiitane."

Mayiwo anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Mgolo uli kuseri. Muyambe mbali ya kumanzereyi, tione ngati ipirire mathiraki."

Kwacha anapinda malaya, natembenukira kwa ine.

"Atsibweni, Lusaka yake iti? Ine ndi inu tinathera pachipata cha Zambia pomwepa chaka chatha, inu n'kubwerera poopa galu wa apolisi."